Nyumba ya Tippu Tip isagwe, komanso isapakidwe simenti

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata imene munatulutsa masabata apitawa, ya bambo ena amene ananena kuti nyumba zakale za atsamunda ndi za anthu ogula akapolo n'zosayenera kuzitayira ndalama, zingosiyidwa zigwe zokha. Bambowo sindiwadziwa, koma mkwiyo wawo ndikuumva. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo ndinakulira pafupi ndi gombe limene ngalawa za Jumbe zinkakwezerapo anthu. Za ukapolo sitinayambe kuzimva kusukulu ayi. Agogo anga aakazi ankatisimbira tili pamoto, ndipo akafika pa mayina ena ankatsitsa mawu, chifukwa adzukulu a ogulitsa ndi adzukulu a ogulitsidwa tinkatunga madzi pachitsime chimodzi. Komabe ndamanga nyumba zaka zoposa 40, ndiye ndikupempha kuti mumveko mbali ya mmisiri. Ndisimba za nyumba imodzi yokha, ndipo ndasankha dala ya munthu amene manja ake anali ofiira ndi magazi, kuti pasapezeke wonena kuti ndathawira pofewa.

Mu 2018 mwana wa mlongo wanga, amene amakapikula nsalu ndi nsapato kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, anandinyengerera kuti ndimuperekeze. Tinatulukira pa Songwe, kudzera ku Mbeya, n'kukafika ku Dar es Salaam miyendo itatupa. Atamaliza zogula zake anati, "Amalume, Unguja mwakhala mukuitchula kuyambira ndili wamng'ono. Lero ili pafupi, tiyeni mukaione." Unguja ndi chilumba chachikulu cha Zanzibar, ndipo boti lopita kumeneko linayenda pafupifupi maola awiri. Mzinda wakale wa Zanzibar, umene eni ake amati Mji Mkongwe pomwe alendo amati Stone Town, uli ndi tinjira topapatiza toti galimoto singadutse, nyumba zosanja kawiri katatu zitayang'anizana moti okhala pamwamba akhoza kupalana moto pawindo. Bungwe la UNESCO linauika mu 2000 pamndandanda wa malo oyenera kutetezedwa padziko lonse, ndipo boma la kumeneko lili ndi nthambi yoona kuti munthu asagumule kapena kusintha nyumba mwachisawawa.

Nyumba ndikunenayi ili kudera la Shangani. Mwini wake anali Hamed bin Mohammed, amene dziko limamudziwa ndi dzina loti Tippu Tip. Iyeyu ankatsogolera maulendo okasaka minyanga ya njovu ndi akapolo kuchokera kugombe mpaka kum'mawa kwa Congo. Anakumanapo ndi David Livingstone mu 1867 kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, ndipo mu 1887 Mfumu Leopold ya ku Belgium inamuika kukhala bwanamkubwa ku Stanley Falls. Anabwerera kwawo ali mpondamatiki, mwini minda ya karafuu, mbewu yonunkhiritsa chakudya, yolimidwa ndi akapolo, n'kumwalirira ku Zanzibar komweko mu 1905. Palibe chomuyamikira munthu ameneyu, ndipo sindinalembe kalatayi kuti ndimutsuke.

Titafika pakhomopo ndinakhumudwa kaye. Ndinkayembekezera nyumba yamatama, koma ndinapeza khoma lalitali lopanda chokongoletsa, lothimbirira ndi ndere zakuda, pulasitala atayoyoka m'malo ambiri, zovala zitayanikidwa pamawindo. Boma la Sultani litagwetsedwa mu Januwale 1964, nyumba zambiri zikuluzikulu za mumzindawu zinagawidwa kukhala zipinda za mabanja angapo, ndipo iyi ndi imodzi mwa izo. Nyumba yokhalamo ambiri koma yopanda mwini tonse tikuidziwa mmene imathera: denga likadontha aliyense amangosuntha mphasa yake.

Chuma chonse cha mwini nyumbayo chinaikidwa pakhomo. Masitepe ake ndi a miyala ya mabo, yakuda ndi yoyera, ndipo pamwamba pa masitepewo pali chitseko chachikulu cha zigawo ziwiri, felemu yake yosemedwa bwino kwambiri. Ife kuno munthu akalemera timaonera denga la malata amtundu ndi mpanda. Aluya a ku Oman amene anadzaza mzindawu Sultani Seyyid Said atasamutsira likulu lake kumeneko cha m'ma 1840 ankabisa moyo wa banja mkati, kuzungulira kabwalo kolowetsa mpweya ndi kuwala, kunja n'kungosiya khoma losalala. Wodutsa mumsewu ankadziwa msinkhu wa mwini nyumba poyang'ana chitseko. Tsiku lomwelo ndinazungulira n'kuona mitundu yake. Za Chiluya n'zamakona anayi, zambiri zili ndi mawu a m'Korani pamwamba. Zotengera kwa Amwenye n'zozungulira kumutu, zili ndi mitu yamkuwa yosongoka m'mizeremizere. Osema ankaikapo maluwa, nsomba, mafunde a nyanja, ndiponso unyolo woyenda m'mbali mwa felemu. Mnyamata wina woonetsa alendo malo ankafotokozera azungu kuti unyolowo umatanthauza chitetezo cha nyumba. Mwina n'zoona. Koma munthu wa ku Nkhotakota ukamuonetsa unyolo pachitseko cha ku Unguja saganiza za chitetezo.

Mwana wa mlongo wanga ankajambula chitsekocho pafoni, koma ine maso anali pena. Pambali, pamene pulasitala anagwa, khoma linali pamtunda ngati bala, ndipo ndinalowetsamo chala. Njerwa munalibe. Munali zibulumwa za mwala wa m'nyanja umene iwo amati matumbawe, wopepuka, wa timabowo ngati chisa cha njuchi, wosasemedwa n'komwe, waukulu ndi waung'ono zitangosakanikirana. Chogwirizanitsa miyalayo chinali dothi lofiirira losakaniza ndi laimu ndi mchenga. Ndinafikisa pang'ono pakati pa zala ndipo chinanyenyeka ngati chigumu chouma. Mumtima ndinati, ine ndikanamanga chonchi, kapitawo akanandithamangitsa tsiku lomwelo. Komatu khoma limenelo laima zaka zoposa 100 pamphepete pa nyanja yamchere, likulandira mvula yamphamvu kawiri pachaka, litasenza nyumba yosanja. Makoma angati amene ndinamanga ine ndi simenti adzafike pamenepo?

Mayi wina wokhala m'nyumbamo anatilola kusuzumira mkati titamupatsa kangachepe. Ndinayeza kuchindikala kwa khoma pawindo, ndipo linapitirira mkono wanga kuchokera pachigongono mpaka kunsonga za zala. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo koma mkatimo munali kayaziyazi, popanda fani. Nditayang'ana kumwamba ndinaona chimene chimalamulira kamangidwe ka mzinda wonsewo: mitengo yozungulira yakuda, yoyalidwa pafupipafupi kuchokera khoma ili kufika khoma ilo. Amaitchula kuti boriti. Ndi mitengo ya mikoko, ija imamera m'matope a madzi amchere, ndipo yambiri inkabwera pangalawa kuchokera kumathiriro a mtsinje wa Rufiji. Chiswe sichiikonda. Pamwamba pa mitengoyo amayalapo miyala ya matumbawe ndi laimu wochindikala, ndiye pansi pa chipinda chapamwamba pamakhala pomwepo. Koma mkoko sutalika kwenikweni, ndiye chipinda sichingatambalale kupitirira mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono. N'chifukwa chake zipinda za nyumba zakale za kumeneko n'zazitali koma zopapatiza ngati khonde. Tippu Tip ankatha kugula anthu ndi mfuti mmene angafunire, koma kukula kwa chipinda chake chogona kunalamulidwa ndi mtengo wa m'matope. Zimenezi zinandiseketsa ndekha, mpaka mayi uja anandiyang'ana modabwa.

Amene anathyola lamulo la mkoko ndi Sultani Barghash, pomanga Beit al-Ajaib mu 1883, nyumba yaikulu ya kugombe ija imene inali yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi ndi chikepe. Iye anaitanitsa nsanamira zachitsulo, n'chifukwa chake ili ndi makonde otakasuka kuzungulira konse. Ife tinaipeza yotseka chifukwa inali itafooka. Pa 25 Disembala 2020, ntchito yoikonza ili mkati, mbali yaikulu inagwa ndipo anthu awiri ogwira ntchito anafa. Ndinamva nkhaniyi tikudya mpunga wa Khirisimasi, ndipo ndinaika supuni pansi. Bambo a kalata ija amati nyumba zisiyidwe zigwe zokha. Nyumba siigwa yokha ngati tsamba, bambo. Imagwera anthu, ndipo amene amakhala pansi pake si Sultani.

Tsiku lachiwiri, mnyamata wanga ali kumsika, ndinakhala pabaraza, mpando wamwala uja amaumba m'mbali mwa khoma kunja kwa nyumba, n'kumaonerera amisiri akukonza nyumba ina yapafupi. Wamkulu wawo anali fundi, ndiye kuti mmisiri m'Chiswahili, wachikulire, waimvi ngati ine. Chiswahili changa n'cha kunyanja kwathu, chothyokathyoka, koma amisiri awiri sasowa chinenero. Anandionetsa mmene amachitira. Laimu, amene iwo amati chokaa, amapangidwa pootcha mwala womwewo wa matumbawe pamulu wa nkhuni. Akauotcha amauthira madzi, umatentha n'kuwira, kenako amausiya m'dzenje utamira kwa nthawi yaitali mpaka usanduke phala losalala ngati mafuta. Anatapa pang'ono n'kundipaka pachikhatho kuti ndimve. Munalibe kambulu ngakhale kamodzi. Ndinamufunsa chifukwa chake sangothiramo thumba la simenti kuti ntchito ifulumire. Sanandiyankhe ndi pakamwa. Ananditengera kuseri, pakhoma lina limene wina analipaka simenti zaka zam'mbuyo, n'kugogoda ndi chala. Linalira ngati ng'oma. Anakanula kachidutswa, ndipo kuseri kwake kunayoyoka ufa wonyowa.

Nkhani yake ndi iyi, kwa amene sali pantchito yathu. Khoma la mwala wofewa ndi dothi limamwa madzi, kuchokera pansi ndi kuchokera kumvula, ndipo limayenera kuwatulutsanso dzuwa likawala. Pulasitala wa laimu amalola chinyezi kudutsa. Amauma pang'onopang'ono pokoka mpweya, ndipo khoma likasuntha pang'ono iye amalolera. Simenti ndi youma mtima. Imatseka chinyezi mkati, mchere umaunjikana kuseri kwake n'kumadya mwala, ndipo madzi osowa potulukira amakwera mpaka kukafika pamene nsonga za boriti zalowa m'khoma. Nsongazo zikawola, denga lolemera lija limatsika lonse nthawi imodzi. Kunja nyumba imaoneka yosalala ngati yatsopano, mkati ikuwola.

Pamene fundi uja ankagogoda khoma, ine manyazi anandigwira, chifukwa tchimo limeneli ndinalichitapo ndi manja angawa. M'zaka za m'ma 1990 ndinapatsidwa ntchito yokonza nyumba ina yakale m'mphepete mwa nyanja yathu, ya njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, ya nthawi ya amishoni oyambirira. Sinditchula malo, eni ake anandikhulupirira ndipo cholakwa chinali changa. Mkulu wina wa pamudzipo, amene bambo ake anagwirako ntchito pomanga nyumbayo, anabwera ndi ndodo yake n'kundiuza kuti, "Mwanawe, nyumba iyi siidya simenti, imadya njereza." Ndinamuseka mumtima. Ndinali ndi satifiketi, ndinali ndi levulo yatsopano, ndiye nkhalamba indiuza chiyani? Ndinasakaniza simenti yamphamvu, ndinapaka kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndinalandira ndalama zanga anthu akuyamikira. Patapita dzinja lachinayi anandiitana. Pulasitala anali atatupa m'munsi monse, ndipo nditamenya ndi hamala anagwa chigamba chachikulu ngati chitseko, atamatirira nkhope za njerwa. Njerwa zimene zinakhala bwinobwino zaka pafupifupi 100 ndinaziwononga ine m'zaka zinayi. Safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa n'kudyabe. Mkulu uja anali atamwalira, moti ndinasowa ndi wokamupepesa yemwe.

Tsopano ndibwerere kwa bambo a kalata ija. Inu mukaona nyumba ya Tippu Tip mukuona Tippu Tip. Ine nditalowetsa chala m'khoma lija ndinaona anthu ena. Tippu Tip sanasenzepo mwala. Sanaotche laimu, sanapondepo dothi, sanakweze boriti pamapewa. Ntchito yolemetsa mumzinda umenewo nthawi imeneyo inkagwiridwa kwambiri ndi akapolo, amuna ndi akazi omwe, ndipo ambiri mwa akapolo a ku Zanzibar ankachokera kuno, kudera la nyanja yathu. Kumeneko ankawatchula kuti Wanyasa ndi Wayao. Njira yake tikuidziwa: Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, anthu ankawolotsedwa nyanja pangalawa, n'kuyenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo opulumuka paulendowo ankakwezedwanso ngalawa kupita kumsika wa ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, koma ukapolo weniweniwo pachilumbapo unathetsedwa mwalamulo mu 1897. Anthu amenewa sanasiye manda odziwika, sanasiye kalata, mayina awo anasinthidwa. Chimene anasiya ndi makoma. Mwala uliwonse m'khoma lija unaikidwa ndi dzanja la munthu amene anautembenuza kaye kufuna mbali yokhala bwino, monga ndimachitira ine. Mukati ligwe, mwini chuma uja simumulanga, anafa kalekale ndipo mbiri yake ili m'mabuku. Amene mukuwafafaniza ndi aja alibe buku.

Palinso china. Ana a masiku ano sakhulupirira za pakamwa. Mdzukulu wanga ndikamuuza kuti anthu ankagulitsidwa ngati mbuzi amaona ngati nthano za kalulu. Koma mutamuimika pa masitepe a mabo aja n'kumuuza kuti miyala iyi inagulidwa ndi ndalama za minyanga ndi za anthu, sadzaiwala. Pamalo pamene panali msika wa akapolo amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anayamba kumangapo tchalitchi chachikulu cha Christ Church mu 1873, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, ndipo mkati mwake muli mtanda wopangidwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia umene pansi pake anakwirirapo mtima wa Livingstone. Amishoni omwewo ndi amene anadzafika ku Likoma ndi kwathu ku Nkhotakota. Tchalitchicho aliyense amavomereza kuti chisungidwe. Koma mlendo akaona tchalitchi chokha, osaona nyumba ya wogula anthu, wamva mbali imodzi ya mlandu. Mfumu yanzeru siigamula choncho.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: kusunga nyumba sikuyenera kukhala kutamanda mwini wake. Zinandiwawa kumva oonetsa alendo ena akusimba za chuma cha Tippu Tip ngati akusimba za katswiri wa mpira. Ndikanakonda pakhomopo patalembedwa momveka kuti chumacho chinachokera kuti, ndiponso kuti osenza miyala anali ayani. Ndivomerezanso kuti mawu oti "nyumba yotetezedwa" nthawi zambiri amathera papepala. Dzina la UNESCO silimata denga. Mayi amene anatilowetsa uja sankasamala za mndandanda wa dziko lonse, ankafuna kuti madzi asamadonthere ana ake, ndipo sindingamunene. Kukonza kwabwino kumayambira pa iyeyo: kutseka podontha, kuyeretsa mipope yotsitsa madzi a padenga, kuzula timitengo tomera m'ming'alu tisanakule. Madenga a nyumbazi poyamba anali afulati, a laimu, ndipo ambiri anadzawavindikira ndi malata chifukwa cha kudontha komweku. Zimenezi sizifuna mamiliyoni. Mamiliyoni amafunika pamene anthu adikira zaka 30.

Kuno kwathu tilibe matumbawe kapena mikoko, koma matenda ake ndi omwewo. Tili ndi Mandala ku Blantyre ya mu 1882, Stone House ku Livingstonia, tchalitchi cha St Peter's ku Likoma, ndi nyumba zina zambiri zazing'ono m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi zimene palibe amazilemba m'nyuzipepala: masitolo akale a Amwenye, mizikiti, nyumba za aphunzitsi pamishoni. Zambiri mwa zing'onozing'onozi n'za njerwa ndi dothi kapena laimu, ndipo zinaumbidwa ndi agogo athu, ngakhale amene ankalamula anali ena. Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo. Chimene chikusowa ndi manja odziwa. Mnyamata wotuluka kusukulu yaumisiri lero amadziwa kusakaniza simenti ndi mchenga, amadziwa mabuloko, koma mukamupatsa laimu amangodziwa kupaka mitengo ya mumsewu kukamabwera alendo olemekezeka. Chonsecho miyala ya laimu tili nayo, ku Balaka anthu akhala akuotcha kwa zaka zambiri. Ndikupempha akuluakulu oona za maphunziro aumisiri kuti aikemo ngakhale mwezi umodzi wophunzitsa kukonza nyumba zakale, ndipo aitane nkhalamba zimene zidakali moyo zidzaonetse. Ndikupemphanso mabungwe a mipingo ndi mizikiti amene ali ndi nyumba zoterezi kuti mmisiri akabwera ndi matumba a simenti, amufunse kaye kuti khomalo linamangidwa ndi chiyani. Akalephera kuyankha, asamupatse ntchito. Ine akanandifunsa funso limenelo nthawi ija, njerwa zija bwenzi zilipo.

Nditabwerako ku Zanzibar ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba yanga, ndinagula laimu wosathira madzi, n'kuyesa zimene fundi uja anandionetsa. Ulendo woyamba ndinapsa padzanja chifukwa ndinaima pafupi kwambiri pamene ankawira, ndipo mayi a kunyumba anandiletsa kwa mwezi wathunthu. Wachiwiri zinatheka. Ndinapaka khitchini yathu ya njerwa ndi dothi, mbali imodzi laimu, mbali ina ndinasiya simenti imene inalipo kale, kuti ndione ndi maso anga. Padutsa madzinja angapo tsopano. Mbali ya simenti yayamba kulira ngati ng'oma m'munsi, ya laimu ndimangoipakanso njereza mvula ikatha. Anyamata awiri a m'mudzi mwathu amabwera Loweruka kudzaphunzira, ngakhale mmodzi ndikumukayikira kuti amabwerera nsima. Bambo a kalata ija akadzadutsa ku Nkhotakota adzafunse kwa mmisiri wokalamba wa dzenje la laimu, adzagogode okha makoma awiriwo, kenako ndidzawaperekeze kumkuyu kumene Livingstone anakambirana ndi Jumbe.

Mmisiri wopuma pantchito,
Nkhotakota